Chaka Chimene Ndinalima Lumanda ya Apongozi Anga

Khalani pansi nonse atatu. Iwe Dalitso, foniyo uyiike pazenera chafufumimba, siithawa. Tamara, miyendo pamodzi, monga mwana woleredwa ndi anthu. Misozi, mphuno.

Dzulo ndinakumvani muli kuseri kwa thanki ya madzi mukufunsa agogo anu aamuna chifukwa chimene amayi a kutchalitchi amandiitanira kuti Amayi a Lumanda. Ndinamvanso mmene agogo anuwo anatsamwira ndi chiseko mpaka kutsokomola. Popeza nkhaniyi mudzaimva ndithu tsiku lina, ndi bwino muimve kwa ine, yolongosoka, osati kwa munthu amene anali m'kati mwa mlanduwo.

Nkhani yake ndi iyi. Ine agogo anu, amene ndinaphunzitsa ana a anthu zaka zoposa makumi atatu osachedwapo kuntchito, ndinalima chamba kuseri kwa nyumba ino. Mizere iwiri yowongoka bwino. Tsekani pakamwa, mumeza ntchentche. Kunatsala pang'ono kuti ndikaone m'kati mwa chitokosi nditavala yunifomu ya amayi a mpingo, ndipo dzina langa, limene ndinalisunga loyera kuposa kolala ya abusa, likanathera pomwepo.

Koma poyamba tembenukani muyang'ane dimbalo, chifukwa mlandu sumveka munthu asanaone malo ake. Ino ndi Januwale, pakati pa dzinja, nthawi imene dimba limaulula khalidwe la mwini wake. Mu Novembala aliyense m'Kapata muno ndi mlimi, pakamwa pokha. Taonani chimanga changa chamasula, ndipo ndevu zayamba kufiira. Mbozi zinafuna kuchilowa mu Disembala, koma ndinathira mchenga ndi phulusa pamtima pa phesi lililonse, limodzilimodzi, monga mmene ndinkayendera zikhadabo pamzere wa m'mawa kusukulu. Nkhwani wayanga mpaka wakwera mpanda kukasuzumira kwa eni ake. Inu a ku Lusaka mumati chibwabwa, koma pakhomo pano ndi nkhwani, ndipo mudzatchula motero mukafuna kudya. Therere likubala tsiku ndi tsiku mopanda manyazi. Matimati okha ndiwo andinyozetsa: masamba ada, zipatso zikuwola zisanapse. Ali ngati bambo anu Yohane, amene mvula ikangowawaza pang'ono amagona masiku atatu akulemba wilo yogawa chuma chawo. Ndipo apo pakona, pamene kholowa wabiriwira kuposa pena paliponse, ndi pamene panachitikira zimene ndikukuuzanizi.

Inu mumaganiza kuti munthu aliyense wa imvi anabadwira kumudzi khasu lili m'manja. Ine ayi. Ndinakulira m'tauni muno. Bambo anga anali kalaliki, ndipo nyumba yathu inali ndi maluwa kutsogolo, kabichi kuseri. Kuchoka apo ndinapita kusukulu yogonera komweko, kumene tinadya nyemba zofumbwa mpaka anankafumbwe tinkawadziwa ndi nkhope zawo. Kenaka ndinalowa koleji ya aphunzitsi, kumene ndinaphunzira za pakhomo ndi za ulimi. Kumeneko anatiphunzitsa kuti mbewu imabwera m'kapepala kokhala ndi dzina ndi chithunzi, imabzalidwa ndi chingwe ndi rula, ndipo chilichonse chomera kunja kwa mzere ndi udzu. Ndinakhoza bwino kwambiri. Satifiketi ija ili pakhoma pabalaza, imene Misozi anati ndi kalendala yakale, ndi umboni wake.

Lumanda, ndiwo yamasamba yowawasa ija, munalibe m'mabuku athu. Kudya ndinkadya, kuikonda ndinkaikonda, koma ndinkaigula pamsika yothyolathyola kale, ili pamulu. Chamba nacho ndinkachidziwa ngati zinyalala zouma zokulungidwa m'kapepala, zimene ndinkazitulutsa m'masokosi a ophunzira anga. Ndinachidzudzula zaka zonsezo, pamzere, m'kalasi ndi kutchalitchi komwe, koma ndinali ndisanachionepo chitaimirira m'nthaka. Zinthu ziwiri zimenezi muzisunge m'mutu.

Tsopano apongozi anga, aNaTembo, amayi awo a agogo anu aamuna. Ulendo wanga woyamba wopita kwawo ku Kasenengwa sunali wa minibasi zanuzi, zimene mumakwera mukudandaula kuti mpando ndi wouma. Tinakwera pamwamba pa lole yopita kukatenga thonje, titagwirira zitsulo, fumbi likulowa paliponse pamene fumbi lingalowe. Pamene lole inatitsitsa, agogo anu anabwereka njinga, ine nkukhala pakaliyala chammbali, nsapato za gogoda zili m'manja. Ndinafika tsitsi litasanduka lofiira ngati chulu. Apongozi anandilandira bwino, anandigwira zikhatho, anazitembenuza uku ndi uku, nkunena kuti, "Zikhatho zokongola. Zimadya chiyani?"

M'mawa mwake ananditengera kumunda. Munda wawo unali ngati msika wa Loweruka: chimanga, maungu, khobwe, mawere, zipwete, zonse zikukwerana popanda woyang'anira. Ine, mtengwa wa tsiku limodzi, amene ndinayenera kuyang'ana pansi ndi kuyankha kuti inde basi, ndinatsegula pakamwa panga pa koleji nkunena kuti mbewuzo zikanachita bwino zikanakhala m'mizere. Apongozi anapitiriza kuthyola nkhwani osacheuka.

"Mwana wanga," anatero, "m'mimba mulibe mizere."

Mbewu zawo sankagula. Ankazimanga m'timfundo ta nsanza, kamfundo kalikonse mtundu wake, nkuziika mumphika wosweka kukamwa, kuthiramo phulusa, ndi kuupachika pamwamba pa moto kuti utsi uzithamangitsa tizilombo. Pambali pake pankalendewera zikwatu za mfutso. Simukudziwa chikwatu? Ndi masamba akuluakulu a mtengo osokedwa ngati mpira, m'kati mwake muli ndiwo zouma. Imeneyo ndiyo inali filiji, ndipo magetsi akazima sinkalira. Pa timfundoto panalibe dzina ngakhale limodzi. Mayi aja ankangopapasa ndi zala nkudziwa. Ine ndinkaona ngati uve. Tinakhala zaka zambiri tikulemekezana monga mmene amachitira mphaka ndi nkhuku yofungatira, aliyense kumbali yake.

Apongozi anamwalira chaka chimene ndinapuma pantchito, iwe Misozi usanamere mano a kutsogolo. Pogawa katundu wawo, alamu anga anatenga zitenje, mapoto ndi mbuzi. Mmodzi wa iwo anatsitsa mphika wa mwaye uja nkuuika pamiyendo panga, pa siketi yanga yoyera. "Uwu ndi wa aphunzitsi a zaulimi," anatero, ndipo ena anabisa nkhope m'zitenje. Ndinaulandira ndi manja awiri. Kunena zoona, mtima unkanditsutsa pa mayi aja, ndipo ndinalumbira chamumtima kuti kamfundo kalikonse ndidzakabzala, m'mizere, kuti aone ali kumandako.

Mvula itayandikira ndinamasula timfundo tonse patebulo. Maungu ndinawadziwa, khobwe ndinamudziwa, mawere ndi zipwete chimodzimodzi. Kanatsala kamodzi, ka nsalu yakuda, komangidwa katatu. M'kati munali timbewu tozungulira, totuwa, tosalala. Ndinaitana agogo anu.

"Bambo a Yohane, izi ndi mbewu zanji?"

Anayang'ana nthawi yaitali. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Amayi ankabzala kuseri kwa khola la mbuzi," anatero. "Masamba ake amakhala ngati zala."

"Ndiye kuti ndi lumanda."

"Mwatero ndinu, aphunzitsi."

Anatuluka panja mofulumira kuposa msinkhu wawo. Ine ndinaganiza kuti akumbukira amayi awo, apita kukalira.

Ana inu, sindinasamalirepo mbewu ngati imeneyo. Ndinakumba bedi lakuya, ndinathira manyowa a nkhuku owola bwino, ndinayeza mipata ndi rula. Ndinalemba kathabwa ndi penti yoyera kuti LUMANDA YA MAKOLO nkukazika kumutu kwa bedi. Inamera yonse, osatsala ndi imodzi. Pofika Khirisimasi inali m'chiuno. Pofika nthawi ngati ino inali itandipitirira, yobiriwira ngati yopakidwa mafuta, masamba otambasuka a mano ngati sowo. Mbozi zimene zinkadya repu sizinkayandikira. Fungo lake linali lamphamvu, makamaka dzuwa likawala mvula itangokata, koma ndinati ndi mmene zimanunkhira mbewu zenizeni, zosaonongedwa ndi za m'sitolo. Mufunsa kuti bwanji sindinalawe. Pakhomo pano chinthu sichithyoledwa tsiku lake lisanakwane, ndipo lamulo limenelo ndinalikhazikitsa ndine.

Zizindikiro zinalipo, sindikana. Agogo anu, amene chikwatirane anali asanagwirepo khasu, anayamba kupita kudimba m'mawa uliwonse, manja kumbuyo, nkuimirira pakona paja akupukusa mutu. Tsiku lina anati, "Amayi a Yohane, kodi mpandawu sitingaukweze pang'ono?" Anagula okha udzu, anamanga okha. Ine ndinati mwamunayu watembenuka mtima ku ukalamba. Abambo opalasa njinga za hayala, amene amaima pamphambano apo, anayamba kundivulira zipewa. Mmodzi anandiuza kuti, "Madamu, inu ndinu akuluakulu. Kulikonse mungafune tikufikitsani, osalipira." Ndinamuyankha kuti ndakondwa kuona ulemu ukubwerera m'dziko.

Ife amayi a mpingo timakumana Lachinayi lililonse, ndipo tili ndi mwambo wakuti mu Januwale timakaona dimba la mmodzi wa ife, kuti aulesi achite manyazi. Ine ndinali wapampando. Chaka chimenecho ndinasankha dimba langa. Wachiwiri wanga anali Amayi Mvula, amene mumawadziwa, aja amakutsinani masaya pakhomo la tchalitchi. Mpando wangawo ankaufuna kuyambira kale, ndipo mwana wawo woyamba ndi wapolisi.

Anabwera onse, mabulauzi oyera, mipango yomanga bwino. Ndinatenga kandodo kanga kolozera nkuwayendetsa bedi ndi bedi. Pa chimanga anayamikira. Pa nkhwani anafunsa mafunso. Titafika pakona paja, phokoso lonse linazima ngati wailesi yothera mabatire.

"Amayi," ndinatero, "iyi ndi lumanda ya makolo athu, mbewu ya malemu apongozi anga. Taonani msinkhu. Taonani tsamba. Feteleza sanafikepo apa."

Wina anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Wina anawerama kumanga nsapato yopanda zingwe. Amayi Mvula anatsitsa magalasi mpaka pansonga ya mphuno, anawerenga kathabwa kaja, anayang'ana mbewuyo kuyambira pansi mpaka kumwamba.

"Amayi Sakala, lumanda yanuyi ndi yaitali."

"Manyowa a nkhuku, mayi."

"Ndipo ikununkhira."

"Ndi mmene zinalili mbewu zakale."

"Eee. Makolo athu ankadziwa zinthu."

Pamenepo aNaPhiri, mayi wachikulire amene amayambitsa nyimbo, anayamba nyimbo yotamanda mwadzidzidzi, mawu akunjenjemera, misozi ikutsika. Ena onse anapolokezana nawo, mapewa akugwedezeka. Ine ndinakhudzidwa kwambiri poona amayi akulira chifukwa cha ndiwo. Ndinaona awiri akutsina timasamba nkubisa m'chitenje, koma ndinawakhululukira.

Mudziwe chinthu chimodzi pa amayi oopa Mulungu. Aliyense wa iwo anachizindikira chomeracho, koma panalibe amene akanatha kuchitchula, chifukwa woyamba kunena akanafunsidwa kuti, kodi inu mayi mwachidziwira kuti? Anakhala chete onse kuti aoneke oyera, ine ndekha woyera weniweni ndikulozera ndi kandodo.

Nyimbo itatha ndinalengeza. Lamlungu likudzalo kunkabwera abusa aakulu kudzayendera mpingo wathu, ndipo tikatuluka m'mapemphero kunali chakudya cha onse pabwalo. Ndinati ine ndidzaphika lumanda imeneyi, yotendera, poto wamkulu, kuti abusa alawe za makolo.

"Muphike yambiri, mayi," anatero Amayi Mvula mokoma. "Ndimuuza ndi mwana wanga abwere. Lamlungu sapita kuntchito."

Loweruka m'mawa ndinatenga lichero nkulunjika pakona. Ndinapeza agogo anu ataima pakati pa kanjira, manja otambasula ngati akutchinga mbuzi.

"Amayi a Yohane, mukupita kuti?"

"Kukathyola ndiwo za abusa. Patukani."

"Abusa sangadye zimenezo."

"Chifukwa?"

"Angayambe kulalikira zimene sizinalembedwe."

"Bambo a Yohane, ndilibe nthawi ya nthabwala."

Anayang'ana kumpanda, anayang'ana kwa ine, anatsitsa mawu. "Ndi chamba, amayi a Yohane. Amayi ankasunga timitengo tiwiri kuseri kwa khola. Ankanyika masamba m'madzi a nkhuku kukabwera chitopa, ankadonthezera m'khutu mwa mwana likamawawa. Ndipo masiku ena, chifuwa chikawavuta, ankakhala pakhonde nkumaseka okha."

Ana inu, chikhalire sindinakhalepo pansi padothi nditavala diresi losita. Tsiku limenelo ndinangopezeka ndili pansi, lichero lili pamiyendo. M'maganizo ndinaona amayi onse aja a Lachinayi. Ndinaona kandodo kanga. Ndinaona mwana wa Amayi Mvula akundiveka unyolo, ophunzira anga akale onse amene ndinawavula masokosi atafola mumsewu kuonerera.

"Munadziwa liti?"

"Tsiku la kamfundo."

"Ndiye osanena?"

"Ndinanena. Ndinati mwatero ndinu."

"Kumeneko ndi kunena?"

"Amayi a Yohane, chikwatirane mwandikonza kayendedwe, katafunidwe, ngakhale kayetsemulidwe. Ndinkangofuna ndikuoneni kamodzi kokha mutalakwa. Ndinkayesa kuti zimera ziwiri zitatu nkufota. Sindinadziwe kuti ngakhale kulakwa mumalakwa mwaluso chonchi."

Zimene ndinawayankha si za makutu a ana. Ndidzakuuzani mukadzakwatira.

Ndinalamula kuti tizule zonse titenthe nthawi yomweyo. Agogo anu anandigwira dzanja. "Mphepo ikupita kutchalitchi," anatero, "ndipo kwaya ikuyeserera nyimbo. Mukufuna Kapata yense aledzere, ndi agalu omwe?" Pa zaka zonse za ukwati wathu, amenewo ndiwo malangizo awo oyamba amene ndinawamvera. Ndinawapatsa khasu ndi fosholo. Anakumba dzenje lofika m'chifuwa pamalo omwewo, mvula ikuwawaza, matuza akuphulika m'manja, ine nditaima ndi ambulera, yofunda ine ndekha. Tinadula mitengo ija ndi chikwanje, tinaiponyamo pamodzi ndi kathabwa, tinakwirira, tinaponda, pamwamba nkubzalapo mbewu ya kholowa. Atatsala pang'ono kumaliza, anakweza kanthambi kamodzi.

"Aka kokha, ka nkhuku."

"Nkhuku zife mwachikhristu," ndinatero. "Ponyani."

Umboni unakwiririka, koma mboni zinali zamoyo, ndipo zinali ndi malilime. Ndinaganiza mofatsa monga mmene ndinkakonzera mayeso. Ndikapita Lamlungu wopanda lumanda, ndiye kuti ndavomera kuti ndadziwa chimene ndinalima, ndipo Amayi Mvula adzangofunsa mokweza pamaso pa abusa ndi mwana wawo kuti ndiwo zija zapita kuti. Ndikadwala, adzabwera onse kudzandipempherera, nkupempha kuonanso dimba. Njira inali imodzi yokha. Ndinalonjeza lumanda, ndiyenera kupita ndi lumanda.

Ndinavala mpango mpaka m'maso nkupita kumsika, kumbali imene sindigulako. Ndinapeza mayi wa ku Chipangali ali ndi lumanda yongofika kumene, ina ikadali kunthambi zake. Ndinaitenga nkuiyang'anitsitsa koyamba m'moyo wanga: tsinde lofiirira, tsamba losalala, ndipo nditatafuna, kuwawasa kwake kunandifika kumakutu. Kufanana kunalipo, monga mmene bulu amafananira ndi hatchi.

"Mayi, mukuyang'ana ngati simunaionepo," anatero wogulitsayo.

"Ndikuyendera ukhondo," ndinamuyankha. "Longezani yonse."

Nsinjiro ndinasinja ndekha mumtondo. Amayi anu amagaya mtedza m'kamakina kolira ngati mavu, nkutuluka phala lopanda khalidwe. Nsinjiro yeniyeni imafuna munsi, sefa ndi mkwiyo pang'ono, ndipo tsiku limenelo mkwiyo ndinali nawo wokwanira mudzi wonse. Chidulo ndinacheza cha phulusa la zitsononkho, osati soda wa m'kapaketi. Ndinaphika Lamlungu m'mawa, ndipo sindibisa, inakoma kuposa ndiwo zilizonse zimene manja awa anaphikapo.

Titatuluka m'tchalitchi, matebulo anali atayalidwa pansi pa mitengo. Panali nkhuku, nyama ya mbuzi, mpunga, kabichi. Ndinaika poto wanga kumapeto nkuvundukula. Amayi onse a Lachinayi anasiya zimene ankachita. Amayi Mvula anafika liwiro nkundilanda chipande.

"Inu mwatopa, mayi wapampando. Ndigawa ndine."

Nzeru yawo ndinaiona. Sanafune kungondineneza chabe. Ankafuna abusa aakulu adye, ayambe kuchita zachilendo pamaso pa mpingo wonse, kenaka iwo aloze chala, wapolisi ali pomwepo. Anadzaza mbale ya abusa mpaka ndiwo kugwera m'mphepete. Anadzaza ya mwana wawo, amene anabwera atavala suti, wosadziwa kanthu. Abusa anadalitsa chakudya, anatapa, anatafuna, anatsinzina.

"Amayi Sakala," anatero, "ndiwo izi zandikumbutsa amayi anga."

"Zikomo, abusa."

Nditacheuka, ndinaona chinthu chimene sindidzachiiwala. Amayi a mpingo, oimba, oyendera odwala, olangiza atsikana, anali atafola pa poto wanga, mbale m'manja, maso kumbali. Nkhuku inali kuzizira payokha. Nyama ya mbuzi inalibe woifunsa. Aliyense ankati, "Pang'ono pokha, tingolawa." Amayi Mvula nawo anadzitapira, ati kuti adzathe kuchitira umboni, kenaka ndinawaona akutapanso kachiwiri atatembenukira kumtengo.

Sipanapite nthawi. ANaPhiri anayamba kuseka supuni yawo. Wina anandigwira phewa nkundiuza kuti khoma la tchalitchi likupuma. Awiri amene anali asanalankhulane chiyambire mkangano wa maliro ena anakumbatirana akulira. Kenaka nyimbo inayamba, ndipo kavinidwe kake sikanali ka yunifomu imeneyo. Mipango inagwa. Ziuno zimene eni ake ankati zinauma ndi nyamakazi zinapezeka kuti zili bwinobwino. Zonsezi chifukwa cha ndiwo za pamsika, nsinjiro ndi chidulo. Abusa aakulu anamaliza mbale yawo, anatokosa m'mano, anayamikira kuti mpingo uno ndi wamoyo, nkuyamba kuwodzera monga amachitira munthu aliyense wokhuta. Wapolisi uja anali ataima ndi mbale yake yopanda kanthu, akuyang'ana amayi ake, amene ankaseka nkhuku yoyenda pabwalo mpaka kugwira m'mimba.

Ine ndinakhala pampando wanga, msana wowongoka, manja pamiyendo. Amayi Mvula anabwera akudzandira nkudzigwetsa pabenchi pambali panga. Anayandikitsa pakamwa kukhutu kwanga.

"Amayi Sakala, hi hi, mutu wanga wapepuka ngati thonje. Koma mawa, mayi, mawa tikambirana. Za dimba lija. Ndi za mpando."

"Tikambirana ndithu," ndinatero. "Koma mukumbukire kuti ine ndangophika. Chipande chinali m'manja mwanu. Mwagawira abusa ndinu. Mwagawira mwana wanu wapolisi ndinu. Amayi onsewa mwawagawira ndinu, ndipo inu mwadya kawiri. Lachinayi munaona ndi magalasi anu, ine ndilibe magalasi."

Kuseka kunaima. Anayang'ana abusa, anayang'ana mwana wawo, anayang'ana mbale imene inali m'manja mwawo. Muone kuti sindinaname ngakhale liwu limodzi. Ndinakokera poto pafupi, ndinapala za m'mphepete ndi chipande.

"Yatsala ya pansi, yokoma kwambiri. Ndikuwonjezereni?"

Anaganiza kanthawi. Kenaka anatambasula dzanja nkupereka mbale.

Mawa lake silinafike mpaka lero, ndipo mayi aja sakudziwabe kuti anavina chifukwa cha ndiwo za ku Chipangali. Lamlungu mukawaona pakhomo la tchalitchi, mugwade, muwapatse moni ndi manja awiri, muwalole akutsineni masaya. Amene adzayambe kuseka, tsiku limenelo sadzadya.